Thupi la Munthu Wosenza Banja

Mayi anga aakulu, amene anali oyamba kubadwa kwawo kwa amayi anga, ankadziwika kwa aliyense kuti anali munthu wolimba. Mwana akabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, uthenga unkapita kwa iwo. Wachibale akagonekedwa m'chipatala, ndiwo ankachezera pambali pa bedi lake. Banja la wina likayamba kugwedezeka, woitanidwa anali iwo omwe. Sindikumbukira tsiku limene ndinawamva akudandaula, ndipo wina akawauza kuti apumeko ankangoyankha kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Matenda a kuthamanga kwa magazi anawayamba asanakwanitse zaka 45, shuga anabwera pambuyo pake, ndipo anatisiya ndi sitiroko asanafike zaka 60. Kwa nthawi yaitali kulimba kwawo ndi matenda awo ndinkaziona ngati nkhani ziwiri zosakhudzana, ina yonyaditsa, ina yatsoka. Chimene chinandisintha maganizo ndi kafukufuku wa akatswiri a zamaganizo wokhudza mabanja a anthu osauka ndi osalidwa, amene ndakhala ndikumuwerenga kwa zaka zingapo tsopano, ndipo ndikufuna kufotokoza zimene ndapezamo komanso zimene zimandivutitsa mumtima.

Poyamba sindinkakhulupirira kuti nkhawa ingasiye chizindikiro chooneka m'thupi, mpaka nditawerenga za ntchito ya Janice Kiecolt-Glaser ndi mwamuna wake Ronald Glaser a pa yunivesite ya Ohio State ku America. M'chaka cha 1995 iwo anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa amayi 13 amene ankasamalira achibale odwala matenda oiwalaiwala a ukalamba, powayerekeza ndi amayi ena 13 amisinkhu yofanana amene analibe udindo wotere. Mayi aliyense anamucheka kabala kakang'ono kofanana pamkono, kenaka n'kumawerenga masiku mpaka kabalako katapola. Kwa amayi osamalira odwala panatenga masiku pafupifupi 49, pamene kwa anzawo aja panatenga masiku 39 okha. Patapita zaka 10 ofufuza omwewa anachita zofanana ndi mabanja 42, ndipo anapeza kuti mwamuna ndi mkazi amene ankalankhulana mwaukali ndi monyozana pokambirana kusamvana kwawo, mabala awo ankapola pang'onopang'ono, pa liwiro longokwana 60 peresenti ya liwiro la mabanja amene ankatsutsana mwaulemu. Anthu a m'kafukufukuyu anali ochepa, ndipo si bwino kumangira mfundo zazikulu pa anthu ochepa chotere, komabe bala ndi chinthu chimene munthu sangachinamize, ndipo n'chifukwa chake nkhani imeneyi inandikhala mumtima.

Mmene zimenezi zimachitikira n'zodziwika bwino ndithu. Munthu akaona choopsa, ubongo umatumiza uthenga ku tiziwalo tokhala pamwamba pa impso, ndipo timatulutsa mahomoni monga adrenaline ndi cortisol, amene amathamangitsa mtima, kukweza shuga m'magazi ndi kuimitsa kaye ntchito zina zosafulumira monga kukonza minofu yowonongeka. Zonsezi n'zothandiza ngati choopsacho chili cha kanthawi. Hans Selye anaonetsa kale m'chaka cha 1936, pogwiritsa ntchito makoswe mumzinda wa Montreal ku Canada, kuti chovutitsa chikapitirira osaleka, tiziwalo timeneti timatupa, chitetezo cha m'thupi chimafooka ndipo m'mimba mumabuka zilonda. M'chaka cha 1993 Bruce McEwen ndi Eliot Stellar anapereka dzina lakuti allostatic load ku katundu amene thupi limasenza likakhala tcheru kwa miyezi ndi zaka popanda kupuma, ndipo lero ofufuza amamuyeza poona kuthamanga kwa magazi, mahomoni a nkhawa, mafuta a m'magazi ndi zizindikiro za kutupa kwa m'kati mwa thupi. Munthu amene sadziwa ngati ntchito yake idzakhalapo mwezi wamawa, amene amayembekezera kunyozedwa paliponse pamene walowa, thupi lake silimva uthenga wakuti choopsa chapita.

Koma funso limene linkandikhudza kwambiri linali lakuti mavuto a kunja amalowa bwanji m'nyumba, mpaka kukafika kwa mwana amene sadziwa n'komwe kuti ngongole n'chiyani. Yankho lomveka bwino ndinalipeza kwa Rand Conger ndi Glen Elder, amene m'chaka cha 1989 anayamba kutsatira mabanja 451 a kumidzi m'chigawo cha Iowa ku America, ulimi wa kumeneko utagwa m'zaka za m'ma 1980 ndipo alimi ambiri atalandidwa minda chifukwa cha ngongole. Ofufuzawa sanangofunsa mafunso, koma ankajambulanso pa vidiyo makolo ndi ana akukambirana m'nyumba zawo, chaka ndi chaka. Zimene anaona zinali ngati unyolo. Kuchepa kwa ndalama kumabweretsa kupanikizika kwa tsiku ndi tsiku, monga kulephera kulipira zofunika ndi kudzimana zinthu zimene banja linazolowera; kupanikizikako kumabala kukhumudwa ndi kupsa mtima msanga mwa bambo ndi mayi; awiriwo amayamba kukangana kapena kungosiya kulankhulana; ndipo pamapeto pake mwana amakumana ndi kholo laukali lero, losalabadira mawa, limene malamulo ake sadziwika mutu wake. Mwanayo savulazidwa ndi kusowa kwa ndalama kokha, amavulazidwa ndi kusintha kwa nkhope za anthu amene amawadalira. Mabanja onse a m'kafukufuku woyambayu anali a azungu, koma m'chaka cha 2002 Conger ndi anzake anaonetsa kuti unyolo womwewu unapezekanso m'mabanja a anthu akuda a ku Iowa ndi ku Georgia.

Ndimaona kuti mfundo imeneyi ili ndi chifundo chachikulu m'kati mwake, ngakhale kuti ena amaimva molakwika. Sinena kuti makolo osauka sakonda ana awo kapena sadziwa kulera. Imanena kuti kuleza mtima ndi chinthu chimene chimatha, ngati mphamvu za m'thupi, ndipo munthu amene wathera tsiku lonse akuwerengera ndalama zosakwana amafika kunyumba atatsala ndi kochepa koti agawire ana ake.

Kwa anthu osalidwa, pamwamba pa umphawi pamabweranso tsankho, ndipo apa ndi pamene ntchito ya Arline Geronimus wa pa yunivesite ya Michigan imalowera. Iye anaona chinthu chodabwitsa m'mabuku a kubadwa kwa ana ku America: pakati pa azungu, amayi a zaka za m'ma 20 ankabereka ana athanzi kuposa atsikana osakwana zaka 20, monga mmene aliyense angayembekezere, koma pakati pa anthu akuda sizinali choncho, chifukwa chiopsezo kwa khanda chinkakwera mayi akamakula. M'chaka cha 1992 iye anafotokoza kuti matupi a amayi akudawa ankakhala atayamba kale kupereseka, monga mmene mwala umaperesekera ndi mvula ndi mphepo, chifukwa cha zaka zokhala pansi pa umphawi ndi kusalidwa. Ambiri anamutsutsa panthawiyo. Koma m'chaka cha 2006 iye ndi anzake anayeza katundu wa nkhawa uja m'matupi a anthu masauzande ambiri, ndipo anapeza kuti anthu akuda anali ndi katundu wolemera kuposa azungu amisinkhu yawo, kuti amayi akuda ndiwo anali pamwamba pa onse, ndiponso kuti kusiyanaku sikunathe ngakhale pakati pa anthu amene sanali osauka.

Chitsanzo chimene chinandiumitsa pakamwa ndi cha tauni yaing'ono ya Postville, ku Iowa komweko. Mu Meyi 2008 apolisi oona za anthu olowa m'dziko anazinga fakitale yokonza nyama n'kugwira antchito 389, ambiri mwa iwo ochokera ku Latin America. Kafukufuku amene anatuluka m'chaka cha 2017 anayerekeza ana obadwa m'chigawo chonse cha Iowa m'masabata 37 otsatira ndi ana obadwa nthawi yofananayo chaka chapitacho. Kwa amayi a mtundu wa anthu ogwidwawo, chiopsezo chobereka mwana wosakwana sikelo chinakwera ndi 24 peresenti, pamene kwa amayi achizungu sipanasinthe kanthu. Chofunika kuchimvetsa n'chakuti kukweraku kunaonekanso mwa amayi amene anabadwira ku America komweko, amene panalibe lamulo lililonse lowathamangitsa m'dziko. Mantha a abale awo, a anansi awo ndi a mtundu wawo wonse anali okwanira kufika m'mimba.

Tsopano ndifike ku mbali imene anthu ambiri amaikonda, imene inenso ndinaikonda nditangoiwerenga, yakuti banja lomwelo limene mavuto amadzeramo limathanso kukhala chishango. Emmy Werner anatsatira ana 698 obadwa m'chaka cha 1955 pachilumba cha Kauai ku Hawaii mpaka atafika zaka 40, ndipo mwa ana amene anabadwira m'mavuto aakulu, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anakula bwino lomwe. Chimene ambiri mwa iwo anali nacho chinali munthu wamkulu mmodzi, kaya kholo, agogo, azakhali kapena mphunzitsi, amene ankawasamala mosasinthasintha. Umboni wamphamvu kuposa pamenepa unachokera kwa Gene Brody wa pa yunivesite ya Georgia, amene anakonza maphunziro a masabata 7 otchedwa Strong African American Families, a makolo akuda a kumidzi ndi ana awo a zaka 11. Makolo ankaphunzira kuika malamulo omveka popanda nkhanza, kudziwa kumene mwana ali ndi amene akuyenda naye, ndiponso kukambirana naye momasuka za tsankho limene adzakumane nalo. Mabanja anagawidwa mwa maere, ena kulowa m'maphunzirowo, ena ayi, kotero kuti kusiyana kulikonse kodzaoneka m'tsogolo kusadzanenedwe kuti kunalipo kale. Anawo atafika zaka 19, ofufuza anatenga magazi a achinyamata 272, ndipo zotsatira zimene zinafalitsidwa m'chaka cha 2014 zinaonetsa kuti amene analowa m'maphunziro aja anali ndi kutupa kochepa kwa m'kati mwa thupi pa zizindikiro zonse 6 zimene zinayezedwa. Mbali ina ya kusiyanako inachokera pa kusintha kwa kaleredwe ka makolo. Misonkhano 7 yokha inasiya chizindikiro m'magazi patapita zaka 8, ndipo sindikuona chifukwa chochepetsera kukoma kwa nkhani imeneyi.

Komabe ofufuza omwewa ndi amenenso anapeza chinthu chimene chinandikumbutsa mayi anga aakulu. Brody, pamodzi ndi Edith Chen ndi Gregory Miller, anayang'anitsitsa achinyamata akuda ochokera m'mabanja osaukitsitsa amene aphunzitsi ankawayamikira kuti ndi odziletsa, akhama ndi anzeru, ana amene aliyense angawaloze n'kunena kuti awa ndiwo apambana mavuto. Kunja zinalidi choncho, popeza sankagwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, sankakhumudwa kwambiri, ndipo ambiri ankapita patsogolo ndi sukulu. Koma m'matupi mwawo katundu wa nkhawa uja anali wolemera kuposa wa anzawo, ndipo kafukufuku wina wa m'chaka cha 2015 anaonetsa kuti maselo awo a m'magazi ankaoneka okalamba kuposa zaka zawo. Kwa achinyamata ochokera m'mabanja opezako bwino, kudziletsa komweko kunkayendera limodzi ndi thanzi labwino. Ofufuzawa anati kupirira kotereku n'kwapakhungu chabe, kutanthauza kuti chimene chimaoneka ndi maso ndi kupambana, pamene m'kati thupi likulipira mtengo wake.

Mfundoyi inali itayamba kale ndi Sherman James, amene chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anacheza ndi mlimi wina wachikuda wa ku North Carolina dzina lake John Henry Martin. Bamboyu anabadwira m'banja lolima m'munda wa eni ake n'kumagawana nawo zokolola, koma mwa kugwira ntchito usana ndi usiku anagula munda wakewake wa maekala 75 n'kumaliza ngongole yake m'zaka zochepa. Asanakalambe n'komwe anali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, nyamakazi yoopsa, ndi zilonda za m'mimba zimene zinachititsa kuti mbali ya chifu chake ichotsedwe. James anatcha khalidwe limeneli John Henryism, ndipo kafukufuku wake wa m'zaka za m'ma 1980 anaonetsa kuti amuna akuda osauka ndi osaphunzira kwambiri, amene ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti khama lawo lokha lidzagonjetsa chopinga chilichonse, ndiwo ankapezeka kwambiri ndi magazi othamanga. Kafukufuku wotsatira sanapeze zofanana paliponse, ndipo nkhaniyi akatswiri akadakambiranabe. Ngakhale zili choncho, ine nditawerenga za bamboyu ndinaona nkhope imene ndimaidziwa.

Apa ndi pamene pagona nkhawa yanga ndi mmene kafukufukuyu amagwiritsidwira ntchito. N'zosavuta kuti boma kapena bungwe liwerenge za maphunziro a masabata 7 aja n'kuganiza kuti lapeza njira yotsika mtengo, yakuti tingophunzitsa makolo kulera bwino, umphawi ndi tsankho zikhale mmene zilili. Maganizo oloza chala banja la munthu wosalidwa si achilendo. M'chaka cha 1965 lipoti la Daniel Patrick Moynihan la boma la America, ngakhale kuti linatchula ukapolo ndi ulova monga magwero, linakumbukika makamaka chifukwa chofotokoza mabanja a anthu akuda oyendetsedwa ndi amayi ngati chimake cha mavuto awo. Panafunika anthu ngati Carol Stack, amene anakhala pakati pa mabanja otere n'kulemba buku lake la All Our Kin m'chaka cha 1974, kuti aonetse kuti kumene ena ankaona banja losweka kunali ukonde waukulu wa agogo, azakhali, asuweni ndi anansi obwerekana ndalama ndi kulerana ana. Koma Stack anaonanso mbali yowawa ya ukonde umenewu, yakuti aliyense amene wapezako kangachepe amayenera kugawa nthawi yomweyo, kotero kuti palibe amene amatha kusunga kanthu. Kudalirana kumapulumutsa anthu ambiri, koma kulemera kwake sikugawidwa mofanana, ndipo kawirikawiri kumagwera mayi mmodzi kapena mwana mmodzi amene zinthu zamuyenderako.

Kafukufuku amene ndimafuna kuti aliyense wokonza mfundo za boma amuwerenge ndi wa Jane Costello wa pa yunivesite ya Duke. M'chaka cha 1993 iye anayamba kutsatira ana 1,420 a kumapiri a kumadzulo kwa North Carolina, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali wa mtundu wa Cherokee, amene ndi ena mwa eni nthaka a ku America. Kafukufuku ali m'kati, mtunduwu unatsegula nyumba ya juga pamalo ake n'kuyamba kugawa gawo la phindu kwa munthu aliyense wa mtunduwo chaka ndi chaka, popanda kumufunsa kuti azigwiritsa ntchito bwanji. Palibe amene anaphunzitsa makolowo kalikonse. Komabe zotsatira zimene zinatuluka m'chaka cha 2003 zinaonetsa kuti ana a m'mabanja amene anatuluka mu umphawi anasiya makhalidwe ovuta monga ndewu ndi kusamvera, mpaka kufanana ndi ana amene sanakhalepo osauka, ngakhale kuti zizindikiro za nkhawa ndi kukhumudwa sizinasinthe chimodzimodzi. Ofufuza atafunafuna chimene chinasintha m'nyumbamo, anapeza kuti makolo anayamba kukhala ndi mpata woyang'anira ana awo. Luso lolera linalipo kale, chimene chinkasowa ndi mpata wopumira. Uwu ndi unyolo wa Conger uja ukuyenda chobwerera m'mbuyo, ndipo kwa ine ndi umboni wakuti amene akufunadi kulimbitsa mabanja ayenera kuyamba ndi kuwapeputsira katundu.

Ndiyenera kuvomereza kuti pafupifupi zonse zimene ndatchulazi zinachitikira m'dziko limodzi. Jeffrey Arnett anawerengera m'chaka cha 2008 kuti mwa anthu ofufuzidwa m'magazini akuluakulu a maphunziro a zamaganizo, 68 pa 100 alionse anali a ku America, ndipo pafupifupi onse otsala anali a m'maiko ena olemera. Tanthauzo la banja, la kholo labwino ndi la kusalidwa limasiyana malo ndi malo, ndipo mafunso okonzedwera banja la bambo, mayi ndi ana awiri sangagwire bwino moyo wa mwana woleredwa ndi anthu asanu m'nyumba zitatu. Palinso vuto la chikhulupiriro, chifukwa anthu osalidwa ali ndi zifukwa zomveka zokayikirira ofufuza. Ku Tuskegee, tauni ina ya ku America, kuyambira 1932 mpaka 1972, amuna akuda mazanamazana odwala chindoko anasiyidwa dala osapatsidwa mankhwala kuti madokotala a boma aone mmene matendawo amapitira. Kafukufuku wabwino pakati pa anthu otere amafuna kuti eni akewo akhale nawo pokonza mafunso ndi pomasulira mayankho, osati kungopereka magazi. Koma mahomoni a nkhawa ndi amodzimodzi mwa anthu onse, ndipo sindikukayika kuti thupi la mayi wosenza abale khumi limayankha mofanana kulikonse kumene ali.

Mayi aakulu atamwalira, udindo wawo sunagawidwe, unangosamukira kwa mwana wawo wamkazi woyamba, amene ine ndimamutcha achemwali, ndipo tonse tinayamba kuwayamikira ndi mawu omwe aja akuti ndi olimba ngati mayi awo. Chaka chatha ndinawafunsa kuti anayezetsa liti kuthamanga kwa magazi, ndipo anandiyankha kuti alibe nthawi yodwala. Titakambirana ndi abale ena anayi, tinalemba papepala zonse zimene iwo ankachita okha, kuyambira fizi ya ana amasiye atatu mpaka kuperekeza agogo kuchipatala mwezi uliwonse, ndipo aliyense anatenga mbali yake n'kulemba dzina lake pambali pake. Achemwali anakana kwa milungu ingapo, ponena kuti tikuwachititsa manyazi ngati kuti alephera. Atapita kukayezetsa anapezeka kuti magazi awo anali atakwera kale, ali ndi zaka 41, ndipo panopa akumwa mankhwala. Foni ikalira usiku ndi uthenga wa vuto, masiku ano imalira kwa amene dzina lake lili papepala lija, ngakhale kuti abale ena akadaimbirabe achemwali poyamba, ndipo iwo akadayankhabe.